N'chiyani Chimagwira Madzi a M'nyanja Yathu Kuti Asauluke?

Mwana wa sukulu wa ku Msumba, m'boma la Lago kumpoto pang'ono kwa Metangula, amakumana ndi mutu wa kukokana kwa mamolekyu m'buku la kemisitiri lolembedwa m'Chipwitikizi. Ambiri amangoloweza mayina atatu a mphamvu zokokanazo, kulemba mayeso, n'kuiwala. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa zomwe mutuwu ukunena mwanayo amazigwira ndi manja ake tsiku ndi tsiku, potunga madzi, poyanika usipa ndi poviika chinangwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wa kunyanja angafunse atapatsidwa mpata.

Kodi molekyu n'chiyani?

Ndi kagulu ka maatomu ogwirana kolimba. Molekyu ya madzi ili ndi maatomu atatu, imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidrojeni, n'chifukwa chake amalemba H₂O. Kuchepa kwake n'kosaneneka. M'magalamu 18 a madzi, omwe angopitirira pang'ono sipuni yaikulu imodzi, muli mamolekyu ochuluka mwakuti nambala yake ndi 6 wotsatidwa ndi maziro 23.

Buku likuti pali mphamvu za m'kati mwa molekyu ndi za pakati pa mamolekyu. Si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo amene wasokoneza ziwirizi wasokera mutu wonse. Taonani mabwato padooko. Bwato lililonse ndi mtengo umodzi wosemedwa, ndipo kuti muligawe pafunika nkhwangwa. Koma mabwato angapo akamangiriridwa pamodzi ndi zingwe, ngakhale mwana atha kumasula limodzi n'kulikankhira pamadzi, bwatolo lili lathunthu. Kugwirana kwa maatomu m'kati mwa molekyu ndiye mtengo uja, pomwe kukokana kwa molekyu ndi inzake ndiye zingwe.

Manambala akuvomereza. Kuti mulekanitse haidrojeni ndi okosijeni wa m'molekyu yomweyo pafunika mphamvu yoposa ka 20 poyerekeza ndi yolekanitsira haidrojeniyo ndi okosijeni wa molekyu yoyandikana nayo. Tsono madzi akamabwata mumphika, thovu limene mukuliona likukwera si haidrojeni kapena okosijeni ayi. Ndi madzi omwewo, mamolekyu ake ali athunthu, kungoti atayana. Mukavundikira mphikawo, timadontho timene timagwira kunsi kwa chivundikiro ndi mamolekyu aja atagwirananso. Ophika kachasu amadalira zomwezi: mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa 100, ndiye nthunzi imene imayamba kutuluka imakhala ndi mowa wambiri kuposa zotsala mumphika, ndipo ikazizira mupaipi imabwerera kukhala mowa osasintha mtundu.

Nanga kukokanako kumachokera kuti?

Kumachokera ku magetsi. Aliyense amene analumikizapo batire ya sola amadziwa pozitivu ndi negetivu, ndipo mbali ziwirizi zimakokana. M'molekyu ya madzi, okosijeni ndi haidrojeni amagawana maelekitironi, amene ali negetivu, koma sagawana mofanana. Okosijeni amawakokera kwambiri kwa iye. Motero mbali ya okosijeni imakhala negetivu pang'ono, mbali ya haidrojeni pozitivu pang'ono. Komanso molekyuyo si yowongoka. Inapindika ngati chilembo cha V, potseguka pake ndi madigiri 104.5, choncho mbali ziwirizo sizifafanizana. Mutu wa molekyu ina umakoka miyendo ya inzake.

Mamolekyu ambiri ali ndi mbali ziwiri zotere ndipo amakokana mwa njira imeneyi. Koma haidrojeni akalumikizidwa ndi okosijeni, naitirojeni kapena fulorini, kukokanako kumakula kwambiri mpaka kunapatsidwa dzina lakelake, mgwirizano wa haidrojeni, umene mabuku a ku Mozambique amautcha pontes de hidrogénio. Wendell Latimer ndi Worth Rodebush a ku America anaufotokoza mu 1920, ndipo Linus Pauling anautchukitsa m'buku lake la 1939. Molekyu imodzi ya madzi itha kugwira anzake anayi nthawi imodzi. M'madzi oyenda kugwiranaku sikukhalitsa: molekyu imataya mnzake n'kugwira wina kambirimbiri pa sekondi imodzi yokha. N'chifukwa chake madzi amathirika koma samwazika kukhala mpweya.

Pakanapanda mgwirizano wa haidrojeniwu, chikanasintha n'chiyani?

Nyanja sikanakhalapo. Sindikukokomeza.

Pali mpweya wina umene umanunkha m'dzira lovunda, H₂S. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka madzi, kungoti pamalo pa okosijeni pali salifa. Molekyu yake imalemera pafupifupi kawiri kuposa ya madzi, 34 pa 18, ndipo mwa lamulo la nthawi zonse cholemera chimayenera kuwira mochedwa. Koma H₂S amawira pa madigiri 60 kunsi kwa ziro, madzi pa 100 pamwamba pa ziro. Kusiyana konseko kwabwera chifukwa salifa sakoka maelekitironi mwamphamvu monga achitira okosijeni. Madzi akanakhala ngati mbale wakeyo, chigwa chonse ichi kuchokera ku Msumba kukafika ku Likoma ndi ku Nkhotakota, chimene pena n'chakuya pafupifupi mamita 700, chikanakhala dzenje louma. Magazi athunso sakanakhalapo.

Ngati madzi amagwirana chonchi, bwanji usipa umauma pathandala popanda kuuwiritsa?

Mamolekyu sayenda liwiro limodzi. Pa kutentha kulikonse ena amakhala aulesi, ena othamanga, ndipo mwa amene ali pamwamba penipeni alipo ochepa amene amapeza mphamvu yokwanira kudzimasula n'kuuluka. Dzuwa limachulukitsa othamangawo. Mphepo imachotsa amene auluka kale kuti asabwererenso. Amayi oyanika usipa amadziwa kuti tsiku la mphepo limaumitsa bwino ngakhale dzuwa litachepa, ndiponso kuti nyengo ya mvula usipa umawola pathandala chifukwa mpweya umakhala utadzaza kale chinyezi, mwakuti mamolekyu obwerera amachuluka pafupifupi ngati ochoka. Thandala lokwezeka limaposa kuyanika pamchenga pa chifukwa chomwechi, popeza mphepo imadutsa pamwamba ndi pansi pomwe.

Nyanja nayo imauma mwa njira yomweyi. Ambiri timaganiza kuti madzi ake amachoka kudzera mu Shire, mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanjayi. Zoona zake n'zakuti Shire amangotenga gawo laling'ono. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu alionse a madzi ochoka m'nyanja amauluka mumlengalenga mwakachetechete, ndipo pachaka amaposa mita imodzi ya kuya pa nyanja yonse. Nyengo ya mwera, pamene mphepo youma yochokera kumwera imawomba masiku otsatizana, kuulukaku kumakula ngakhale kunja kukuzizira.

Pali chinanso. Popeza ochoka ndi othamanga, otsala amakhala ozizirirapo. Umu ndi m'mene thukuta limatiziziritsira, ndiponso m'mene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, nauluka kunja, natenga kutentha kwa otsala m'kati. Chigubu cha pulasitiki sichingachite zimenezo, chifukwa sichilola ngakhale dontho kudutsa.

N'chifukwa chiyani madzi amadya nkhuni zambiri?

Chifukwa moto uyenera kugonjetsa kugwirana kuja. Kutenthetsa lita imodzi kuchokera pa madigiri 25 kufika pa 100 kumafuna makilojulu pafupifupi 314. Koma kusandutsa lita yomweyo kukhala nthunzi kumafuna makilojulu 2,260, kuposa ka 7, ndipo nthawi yonseyo kutentha kwa madziwo sikukwera ngakhale digiri imodzi. Mphamvu yonse ikupita kolekanitsa mamolekyu. Choncho nyemba zikayamba kubwata, kusonkhezera nkhuni zina sikuzipsetsa msanga, kumangophwetsa madzi. Chepetsani moto ndipo vundikirani.

Anthu a gombe lino anaona njala ya nkhuni imeneyi ndi maso. Amishoni a Anglikani a UMCA, amene William Percival Johnson anawatsogolera kugombe la kum'mawa kuno m'zaka za m'ma 1880, ndipo Msumba n'kukhala limodzi mwa malo awo akuluakulu, ankayendera midzi pa sitima za nthunzi: Charles Janson kuyambira 1885, kenako Chauncy Maples kuyambira 1901. Sitimazo zinkaima m'madooko kukweza milu ya nkhuni. Mitengo yonseyo inkapserera ntchito imodzi, kumasula mamolekyu a madzi, chifukwa madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, ndipo kufufumako n'kumene kunkakankha injini.

Nambala ya 100 ija ndi ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuno tili pafupifupi mamita 470 pamwamba pake, mpweya wopanikiza madzi ndi wochepako, ndiye amawira cha pa 98. Ku Lichinga, kumene kuli pamtunda woposa mamita 1,300, amawira cha pa 95 kapena 96, ndipo nyemba zimachedwako kupsa.

Masana mchenga umawotcha mapazi koma madzi ali ozizira. Dzuwa si limodzi?

Dzuwa ndi limodzi, koma madzi amafuna kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa mchenga wouma wolemera mofanana kuti akwere digiri imodzi. Gawo lina la kutenthako limathera kumasula migwirizano ya haidrojeni m'malo mothamangitsa mamolekyu. Usiku zimatembenuka: mchenga ndi mapiri zimazizira msanga, nyanja imasunga kutentha. Apa ndi pamene pamachokera timphepo tiwiri timene msodzi aliyense amatidziwa, kochokera kunyanja masana ndi kotsika kumapiri usiku.

Madzi ofunda ndi opepukirapo, choncho amakhala pamwamba pa ozizira ndipo sasakanikirana nawo msanga. M'nyanja yathu kusiyana kwake n'kwa madigiri ochepa chabe, pamwamba 24 mpaka 29 malinga ndi nyengo, pansi cha pa 22 kapena 23, komabe n'kokwanira kutsekera madzi akuya. Kupitirira mamita 200 mpaka 250 kulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Nyanja imaoneka yopanda malire, koma chambo, utaka, ncheni ndi kampango zonse zili m'gawo lapamwamba lokha. Munthu akadziwa izi amamvetsa chifukwa chake boma la Mozambique linaika mbali yake ya nyanjayi pansi pa chitetezo mu 2011.

Petulo alibe mbali ya pozitivu ndi negetivu. Nanga iye amagwirana bwanji?

Funsoli linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Johannes van der Waals wa ku Netherlands, amene anayamba ngati mphunzitsi wa sukulu, anaonetsa mu 1873 ku Leiden kuti mamolekyu a mpweya uliwonse amakokana, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1910. Koma chifukwa chake chinadikira Fritz London mu 1930. Maelekitironi sakhala malo amodzi. Pa kamphindi kena amapezeka atachulukira mbali imodzi ya molekyu, mbaliyo n'kukhala negetivu pang'ono. Nthawi yomweyo amakankha maelekitironi a molekyu yoyandikana, mbali yake yapafupi n'kukhala pozitivu, ziwirizo n'kukokana. Kamphindi kotsatira zimasintha, koma zimasinthira limodzi, choncho kukokanako sikutha. Mphamvu imeneyi ili m'mamolekyu onse, ndi m'madzi momwe.

Kukula kwake kumatsatira kukula kwa molekyu. Mafuta onse ochokera pansi pa nthaka ndi mizere ya kaboni yovekedwa haidrojeni, ndipo chosiyanitsa ndi kutalika kwa mzere. Wa kaboni mmodzi, methane, amawira pa madigiri 161 kunsi kwa ziro. Wa makaboni anayi ndi gasi wa m'silinda, amene amawira pafupi ndi ziro. Petulo wa injini za maboti ali ndi makaboni cha pa 5 mpaka 12, parafini amene wakhala akuyatsa nyali zokopera usipa cha pa 10 mpaka 16, ndipo phula la kandulo limaposa 20, n'chifukwa chake n'lolimba. Mzere wautali uli ndi malo ambiri okhudzana ndi unzake.

Pano ndipemphe chinthu. Petulo amauluka msanga chifukwa mamolekyu ake ndi aafupi, ndipo nthunzi yake n'njolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi mpaka ikapeze moto uli patali. Musamuthire m'nyali m'malo mwa parafini, ndipo chigubu chake chisagone m'nyumba yophikiramo.

Ndiye mafuta ndi madzi amakankhana?

Sakankhana. Amakokana ndithu, kungoti mofooka. Chimene chimachitika n'chakuti mamolekyu a madzi amagwirana okhaokha mwamphamvu kwambiri mwakuti mafuta amafinyidwira kunja. Popeza ndi opepuka, amayandama n'kuyala pamwamba mopyapyala, n'kupanga mitundu ija timaiona padooko injini ikadontha.

Mchere umasungunuka chifukwa tizigawo take tili ndi magetsi athunthu, sodiyamu pozitivu ndi kolorini negetivu, ndipo madzi amatizinga mbali zonse n'kutinyamula. Shuga amasungunuka chifukwa ali ndi malo ambiri ogwirira mgwirizano wa haidrojeni. Sopo ali pakati: molekyu yake ili ndi mchira wautali wa kaboni umene umalowa m'mafuta, ndi mutu wamagetsi umene umatsala m'madzi. Michira ikazinga kadontho ka mafuta a kampango pambale, mitu imayang'ana kunja, madzi n'kunyamula kampira konseko.

Okosijeni amene nsomba zimapuma alibe mbali ziwiri, motero madzi samulandira bwino. Lita imodzi pa madigiri 25 imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha, ndipo madzi akafunda amachepanso.

Tizilombo tina timayenda pamwamba pa madzi osamira. Pali khungu?

Khungu palibe. Molekyu ya pakati pa madzi imakokedwa mbali zonse, pomwe ya pamwamba ilibe mnzake kumwamba, ndiye imakokedwa cham'mbali ndi pansi basi. Zotsatira zake, pamwamba pa madzi pamakungika. Kachilombo kopepuka ka miyendo yosanyowa kamangopavinyiza osapaboola. Mphutsi za udzudzu zimadalira kukungika komweku kuti zilendewere kunsi kwake n'kumapuma. Dontho la sopo limachepetsa kukungikako, ndipo mutha kuyesa nokha: yandamitsani singano youma pambale ya madzi mosamala, kenako khudzani madziwo ndi sopo. Singano imira pomwepo.

Ndikufuna atsikana amene amatsuka mbale kugombe m'mawa amve izi. Mmodzi mwa anthu oyamba kuyeza bwino kukungika kumeneku anali Agnes Pockels wa ku Braunschweig ku Germany. Sanapite ku yunivesite, popeza nthawiyo akazi sankaloledwa, ndipo ankasamalira makolo ake pakhomo. Anayamba ndi kuyang'anitsitsa madzi otsukira mbale, nadzipangira yekha chida choyezera. Mu 1891 analembera kalata Lord Rayleigh wa ku England, amene anaitumiza ku magazini ya sayansi ya Nature, ndipo inasindikizidwa chaka chomwecho.

Nalimata amayenda bwanji kudenga?

Alibe ulimbo kumapazi. Zala zake zili ndi tiubweya mazana a zikwi, kalikonse kogawika nsonga zambirimbiri, mwakuti phazi limakhudza khoma pafupi kwambiri kuposa m'mene dzanja lanu lingathere. Pa nsonga iliyonse kukokanako n'kochepetsetsa, koma nsonga zonse pamodzi zimanyamula thupi lake. Kellar Autumn ndi anzake ku America anaonetsa mu 2002 kuti gwero lake lalikulu ndi mphamvu za van der Waals zomwezi.

Kodi maukonde a nailoni akukhudzidwanso?

Kwambiri. Nailoni, amene Wallace Carothers anapanga ku kampani ya DuPont mu 1935, ndi mizere yaitali ya mamolekyu yogona moyandikana, yogwirana m'mbali ndi migwirizano ya haidrojeni yosawerengeka. Kulimba kwa ulusi wa chilimira ndi wa matchera kukuchokera pamenepo. Ukonde wa luzi wa makolo unkawola m'madzi, koma wa nailoni suwola msanga, ndiye ukaduka n'kutsala m'nyanja umapitiriza kukola nsomba zimene palibe adzadye. Wothaitha ndi bwino kuutulutsa kumtunda.

Nanga kuviika chinangwa kukugwirizana bwanji ndi zonsezi?

Kuno kumene nsima ya kondowole ndi chakudya cha mabanja ambiri, funso ili ndi lalikulu kuposa onse. Chinangwa chowawa chili ndi mankhwala otchedwa linamarin. Molekyu yake ili ndi mbali ya shuga, choncho imagwirana ndi madzi mosavuta n'kusungunuka. Chinangwa chikaviikidwa n'kufewa, tizipinda ta m'kati mwake timasweka, linamarin n'kukumana ndi chinthu china cha m'chinangwa momwemo chimene chimamuphwanya. Mapeto ake pamatuluka poizoni weniweni, HCN, wa mtundu wa cyanide. Wina amatsalira m'madzi oviikira, n'chifukwa chake madziwo sayenera kumwedwa ndi munthu kapena chiweto.

Wotsala m'chinangwa amachotsedwa ndi dzuwa. HCN ali ndi haidrojeni, koma wolumikizidwa ndi kaboni, osati okosijeni, motero mamolekyu ake sagwirana molimba ngati a madzi, ndipo amawira pa madigiri 26 okha. Tsiku wamba la ku Msumba limaposa pamenepo. Chinangwa chofewa bwino chikanyenyedwa n'kuyanikidwa mopyapyala, poizoniyo amauluka.

Masitepe awiriwa ayenera kutsatana. Kuyanika chinangwa chowawa chosaviika bwino sikuchotsa linamarin yense, chifukwa iye ndi molekyu yaikulu yogwira mwamphamvu ndipo sauluka. Ayenera kuphwanyika kaye. Ngozi imabwera nthawi ya njala, pamene banja limavuula chinangwa patangopita tsiku limodzi chifukwa ana akulira, komanso chilala chimachulukitsa poizoni m'mizu. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula, chilala chitakakamiza anthu kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, anthu oposa 1,000 analumala miyendo, ambiri mwa iwo ana ndi amayi. Kumeneko matendawa anawatcha mantakassa, ndipo madokotala amawadziwa ndi dzina lakuti konzo. Kulumala kwake sikuchira.

Choncho sendani chinangwa, chimizeni chonse m'madzi masiku osachepera atatu kapena anayi mpaka chifewe kufika pakati, ndipo nyengo ya mwera, madzi akazizira, onjezerani masiku. Kenako chinyenyeni ndi kuchiyanika mpaka chiume gwa musanasinje. Nsomba pambali pa nsimayo ndi yofunikanso, chifukwa thupi limagwiritsa ntchito salifa wa m'zakudya zomanga thupi pochotsa cyanide wochepa amene watsalira.